Phunziro la Mwezi Uno: Nkhawa za pa Unyamata ndi Matenda a Mtima pa Ukulu

Achinyamata anzathu a m'makalabu onse, phunziro la mwezi uno likukhudza chiwalo chimene timachitchula tsiku ndi tsiku koma osachiganizira ngati chiwalo. Munthu akakwiya timati wapsa mtima. Akamadikira zotsatira za mayeso a Fomu 4 timati mtima uli m'mwamba. Chibwenzi chikatha wasweka mtima, zinthu zikakanika wataya mtima, ndipo pa siwa timauza ofedwa kuti alimbe mtima. Makolo athu adaika mantha, chisoni ndi mkwiyo mu mtima kalekale, kusanabwere makina opimira BP. Achipatala amatiphunzitsa kuti maganizo amachokera mu ubongo, ndipo akunena zoona. Komabe kafukufuku wa zaka zambiri waonetsa kuti makolo aja sadaphonye kwenikweni. Nkhawa imene wachinyamata amakhala nayo kwa miyezi kapena zaka osathandizidwa imafika pa mtima weniweniwo, wa mnofu, wopopa magazi, ndipo zotsatira zake zimatha kudzaonekera munthuyo ali ndi zaka 45 kapena 50.

Tikupempha atsogoleri a makalabu kuti phunziroli liwerengedwe mokweza, mosathamanga, ndipo pakhale wotchi kapena foni yoonetsa masekondi chifukwa pali zoti tichite pakati pa phunziro.

Kodi tikunena za nkhawa iti?

Tisasokoneze zinthu. Kudandaula chifukwa timu yagonja, kapena kusowa tulo usiku umodzi mayeso akayandikira, si matenda. Kulira maliro si matenda. Zimenezi zimabwera n'kupita, munthu n'kubwerera mwakale.

Imene tikunena pano ndi nkhawa yosachoka. Achipatala amaigawa m'magulu angapo, koma awiri ndiwo amapezeka kwambiri pakati pa achinyamata. Loyamba ndi matenda okhumudwa, amene pa Chingerezi amati depression. Munthu amakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, masiku ambiri, kwa masabata awiri kapena kupitirira apo. Zimene ankazikonda, monga mpira, kwaya kapena bawo, sizimukomeranso. Amagona kwambiri kapena sapeza tulo, chakudya sichilowa, m'kalasi mutu sugwira, ndipo amadziona ngati wachabechabe. Kwa achinyamata ambiri matendawa saoneka ngati chisoni. Amaoneka ngati ukali, kusachedwa kupsa mtima, kapena kupweteka kwa mutu ndi m'mimba kumene kuchipatala akayeza malungo sapeza kanthu. Gulu lachiwiri ndi la mantha opitirira muyeso, pamene munthu amangokhalira kuganiza kuti china chake choipa chichitika, mtima n'kumagunda, m'manja n'kumatuluka thukuta, popanda chomuthamangitsa. Kumudzi timangoti "akuganiza kwambiri."

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidanena mu 2021 kuti mwa achinyamata 7 alionse a zaka za pakati pa 10 ndi 19, mmodzi ali ndi vuto lina la matenda a maganizo. Akatswiri apezanso kuti pafupifupi theka la matenda a maganizo amayamba munthu asanakwane zaka 18. Werengani anthu amene mwakhala pabwalo lero. Ngati mulipo 28, n'kutheka kuti anayi mwa inu akudziwa bwino zimene tikunenazi, ngakhale sanauzepo munthu. Choncho pasapezeke woseka kapena woloza mnzake chala.

Matenda a mtima sayamba pa ukalamba

Mtima ndi waukulu ngati chibakera cha mwini wake, ndipo umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku. Kuti ugwire ntchito imeneyi nawonso umafuna magazi, amene amaufikira kudzera m'timitsempha toyanga pamwamba pake. Amene mudalimapo dimba la mthirira mukudziwa zimene zimachitika ndi ngalande. Matope amaunjikana pang'onopang'ono, madzi n'kumachepa, mpaka tsiku lina ndiwo za kumapeto kwa dimba zimafota. Mitsempha nayonso imatero. Mkati mwake mukachita timabala, mafuta amayamba kumatirira pamenepo, njira ya magazi n'kumachepa. Ukatsekeka mtsempha wa pa mtima, mbali ina ya mtima imafa, ndipo munthu amatha kugwa n'kumwalira nthawi yomweyo. Ukatsekeka kapena kuphulika wa mu ubongo, ndiye sitiroko, imene imapha ziwalo mbali imodzi, kukhotetsa kamwa kapena kulanda mawu.

Malinga ndi WHO, mu 2019 matenda a mtima ndi mitsempha adapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni, kutanthauza imfa imodzi mwa imfa zitatu zilizonse pa dziko lapansi. Mwa imfa zinayi zilizonse zoterezi, zoposa zitatu zidachitika m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Amene amati awa ndi matenda a mabwana oyendera galimoto akulakwitsa. Kuno kwathu, kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mogwirizana ndi WHO mu 2009 adapeza kuti mwa anthu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 9 mwa 10 a anthu amenewa sankadziwa n'komwe. Ambiri mwa iwo anali a kumudzi, olima ndi khasu.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti matope aja amayamba kuunjikana pa unyamata. Mu 1953 madokotala a ku America adafalitsa zimene adapeza atapima mitembo ya asilikali 300 amene adafera pa nkhondo ya ku Korea. Anali anyamata amphamvu, zaka zawo pafupifupi 22, ofa ndi zipolopolo osati matenda. Koma mwa 100 alionse, 77 mitsempha yawo ya pa mtima inali itayamba kale kusonyeza zizindikiro za mafuta aja. Palibe amene ankamva kupweteka. M'mera mpoyamba, ndipo zaka zimene muli nazo panozi ndizo zaka zimene mitsempha yanu ikuumbidwa.

Tingotchulapo mongodutsa kuti pali matenda ena a mtima amene amagwira ana ndi achinyamata ambiri kuno kwathu, oyamba ndi zilonda za pakhosi zosachizidwa bwino, amene amaononga timakomo ta mkati mwa mtima. Amenewo ndi nkhani ina, ndipo alibe chochita ndi nkhawa. Mng'ono wanu akamva kupweteka pakhosi ndi kutentha thupi, pitani naye kuchipatala.

Zimene ofufuza adapeza

Pakati pa 1995 ndi 1997, madokotala awiri, Vincent Felitti ndi Robert Anda, adafunsa anthu akuluakulu oposa 17,000 a mu mzinda wa San Diego ku America za moyo wawo asanakwane zaka 18. Adawafunsa ngati ankamenyedwa, kutukwanidwa, kugwiriridwa kapena kusowa owasamala. Adawafunsanso ngati ankaona mayi awo akumenyedwa, ngati m'nyumba munali chidakwa, wodwala maganizo kapena wina amene adapita kundende, ndiponso ngati makolo adasiyana. Onse pamodzi adakwana mavuto 10. Kenaka adayerekeza mayankhowo ndi umoyo wa anthuwo pa ukulu. Zotsatira zokhudza mtima zidatuluka mu 2004. Amene adakumana ndi mavuto 7 kapena kuposa apo anali ndi chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima choposa katatu poyerekeza ndi amene sadakumane ndi vuto lililonse. Chiopsezocho chinkakwera monga masitepe, vuto likawonjezereka nachonso n'kukwera. Ofufuzawo adapezanso kuti kukhumudwa ndi mkwiyo zinkalongosola gawo lalikulu la kusiyana kumeneku, kuposa fodya, shuga kapena kunenepa.

Wina angatsutse kuti munthu wa zaka 55 sangakumbuke bwino za ubwana wake, makamaka akakhala kuti akudwala. Ndi mfundo yomveka. N'chifukwa chake kafukufuku wolimba kwambiri ndi uja woyamba ndi achinyamata n'kumawatsatira mpaka atakula.

Ku Sweden, anyamata 49,321 a zaka 18 mpaka 20 adapimidwa mu 1969 ndi 1970 pokalowa usilikali, ndipo pa kupimako adaonanso za maganizo awo. Ofufuza adatsatira mabuku a kuchipatala a anthu amenewa kwa zaka 37. Zotsatira zidatuluka mu 2010. Amene adapezeka ndi matenda a mantha ndi nkhawa pa unyamata adadwala mtima kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo, ngakhale ofufuzawo atachotsera za fodya, mowa, BP ndi mbiri ya ku banja. Koma pa amene anali ndi matenda okhumudwa, kafukufuku ameneyu sadapeze kusiyana koonekera. Tikunena zimenezi dala, kuti mudziwe kuti ofufuza sapeza zofanana pa chilichonse, ndipo tisamatenge kafukufuku mmodzi ngati wamaliza nkhani.

Ku Dunedin, mzinda wa ku New Zealand, akatswiri akhala akutsatira ana 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973 kuyambira ali aang'ono. Atafika zaka 32 adawayeza magazi. Amene adachitiridwa nkhanza ali ana anali ndi zizindikiro zambiri za kutupa kwa mkati mwa thupi, kumene kumayendera limodzi ndi kuonongeka kwa mitsempha. Pa gulu lomweli adapezanso chinthu chimene ife a m'makalabu tiyenera kuchigwiritsa. Ana amene ankakhala okha, osalidwa ndi anzawo, atafika zaka 26 ankapezeka kwambiri kuposa anzawo ndi zinthu zoopseza mtima monga BP yokwera, kunenepa ndi mafuta oipa m'magazi. Kusalana timakudzudzula kawirikawiri chifukwa kumapweteka lero. Apa tikuona kuti kumatha kupwetekabe patapita zaka 20.

Ataunika maumboni ambiri otere, mu 2015 bungwe la madokotala a mtima la American Heart Association lidalengeza kuti wachinyamata amene ali ndi matenda aakulu okhumudwa aziwerengedwa m'gulu la achinyamata amene mitsempha yawo ingaonongeke msanga, ndipo madokotala azimuyang'anira BP, shuga, sikelo ndi mafuta a m'magazi mwachidwi. M'gulu limeneli munali kale achinyamata amene ali ndi kachirombo ka HIV. Tibwereranso pa mfundo imeneyi.

Mawu akuti chiopsezo asatiopseze mopitirira. Kunena kuti chiopsezo chawirikiza kawiri sikutanthauza kuti aliyense wa nkhawa adzadwala mtima. Ambiri mwa anyamata a ku Sweden aja, ngakhale a nkhawa omwe, sadadwale. Zili ngati kuwoloka mtsinje nthawi ya dzinja. Ambiri amawoloka bwinobwino, koma okokoloka amachuluka kuposa a m'chilimwe, ndipo wanzeru amafunafuna pa mlatho.

Njira yoyamba: zochitika mkati mwa thupi

Tisanapitirire, tiyeni tichite izi tonse. Ikani zala ziwiri, cha mkombaphala ndi chapakati, pa mkono wanu m'munsi mwa chala chachikulu, mpaka mumve kugunda. Wa wotchi anene kuti "yambani," ndipo muwerenge kwa masekondi 30. Chulukitsani ndi 2. Ambiri mupeza pakati pa 60 ndi 100, ndipo osewera mpira kwambiri atha kupeza zocheperako. Tsopano imirirani, mudumphedumphe kwa mphindi imodzi, muwerengenso. Khalani pansi mphindi zisanu, muwerenge kachitatu.

Mwaona kuti mtima unakwera kenaka n'kutsika. Umu ndi mmene thupi lidapangidwira. Galu wolusa akakutulukira pa njira, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timeneti timatulutsa michere yotchedwa adrenaline ndi cortisol. Nthawi yomweyo mtima umathamanga, mitsempha ina imafinyika, BP imakwera, shuga amathiridwa m'magazi kuti miyendo ipeze mphamvu, ndipo magazi amakonzekera kuundana msanga ngati ungalumidwe. Zonsezi n'zabwino. Ndi zimene zimakufikitsa pa mtengo galuyo asanakupeze. Galu akabwerera, thupi limakhazikika, monga mwaonera pa kuwerenga kwachitatu kuja.

Tsopano taganizirani mtsikana wa Fomu 2 amene bambo ake omupeza amabwera ataledzera usiku uliwonse. Kukangoyamba kuda iye amayamba kutchera khutu ku chitseko. Kapena mnyamata wamasiye amene akulera abale ake atatu, amene akagona amawerengera ufa wotsala m'thumba. Kapena uja amene anzake amamunong'oneza kuti amamwa mankhwala. Kwa amenewa galu sabwerera. Thupi silisiyanitsa galu wa pa njira ndi galu wa m'maganizo, limangotulutsa michere yomweyo tsiku ndi tsiku. Kuwerenga kwachitatu kuja, kwa mtima wokhazikika, kwa iwo kumabwera mwa apo ndi apo.

Zikapitirira kwa zaka, BP imazolowera kukhala pamwamba. Magazi othamanga mwamphamvu amakanda khungu lofewa la mkati mwa mitsempha, ndipo pa timabala timeneti ndi pamene mafuta amamatirira. Cortisol wochuluka amasokoneza mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga ndipo amakankhira mafuta ku mimba. Asilikali a m'thupi nawo amakhala ngati ali pa nkhondo yosatha, ndipo kumeneku ndiko kutupa kwa mkati kumene adakupeza ku Dunedin. Pamwamba pa zonsezi pali tulo. Munthu akagona bwino BP imatsika ndithu usiku, mtima ndi mitsempha n'kupumulako. Wachinyamata amafunika maola 8 mpaka 10 a tulo. Amene amangotembenuka pa mphasa mpaka tambala woyamba, mtima wake umagwira ganyu usana ndi usiku.

Njira yachiwiri: zimene timachita pothawa nkhawa

Njira iyi ndi yodziwika kwa tonse, ndipo mwina ndiyo yaikulu. Munthu wovutika maganizo amafunafuna pothawira. Anyamata ambiri amene timacheza nawo pa ntchito yathu sanena kuti adayamba fodya kapena kachasu chifukwa n'zokoma. Amati "ndimafuna ndiiwaleko." Ndudu imakhazikadi mtima pansi kwa mphindi zochepa, koma nthawi yomweyo ikukweza BP ndi kupsereza mkati mwa mitsempha. Ambiri mwa anthu osuta fodya adayamba asanakwane zaka 18, ndipo woyamba ali wamng'ono ndiye amavutika kwambiri kusiya. Mowa umagonetsa msanga koma tulo take n'tosapumitsa, ndipo m'mawa nkhawa ija imadzuka itanenepa, pamodzi ndi ngongole. Mowa wambiri umakwezanso BP. Chamba nacho chimathamangitsa mtima, ndipo kwa achinyamata ena chimautsa misala.

Pali zinanso zosaonekera msanga. Wokhumudwa amasiya mpira, amasiya kuyenda, amangobindikira m'nyumba. Ena chakudya chimawakanika, ena amangodya chilichonse chimene apeza, makamaka zokazinga, zotsekemera ndi zamchere wambiri. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, amene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wa m'ndiwo. Ife tikagula chipisi pa chiwaya timathira mchere ngati tikufesa mawere. Ndipo wotaya mtima sasamala za mawa. Ukamuuza za matenda odzabwera ali ndi zaka 50, amayankha kuti "ndidzafikako kodi?"

Apa ndi pamene ife tikuona kuti uphungu wathu wa m'makalabu umaperewera. Timaimba nyimbo ndi kuchita masewero oletsa fodya ndi mowa, ndipo n'zofunika. Koma kuuza munthu kuti ataye ndodo usanaone chimene chikumutsimphinitsa n'kutaya nthawi. Tisanafunse kuti "bwanji ukusuta?" tizifunsa kuti "chikukusautsa n'chiyani?" Kwa amene adayamba kale, nkhani yabwino ndi yakuti munthu akasiya fodya, pakatha chaka chimodzi chiopsezo chake cha matenda a mitsempha ya mtima chimatsika kufika pafupifupi theka la cha amene akusutabe.

Kwa anzathu amene ali ndi kachirombo

Nkhaniyi ikuwakhudza mwapadera. Chifukwa cha ma ARV, mwana wobadwa ndi kachirombo lero atha kukula, kukwatira, kubereka ana opanda kachirombo ndi kuona zidzukulu. Ndiye kuti nayenso ayenera kuganizira za mtima wake wa pa zaka 50. Kafukufuku wamkulu amene adatuluka mu 2018, wophatikiza zotsatira za m'mayiko ambiri, adapeza kuti anthu amene ali ndi HIV ali ndi chiopsezo cha matenda a mtima ndi mitsempha chowirikiza kawiri poyerekeza ndi amene alibe. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi kutupa kwa mkati komwe kuja, kumene kachiromboka kamayambitsa.

Kuno ku Malawi, ofufuza adacheza ndi achinyamata 562 a zaka 12 mpaka 18 amene ali ndi kachirombo, ku Lilongwe ndi ku Zomba, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2014 ndi 2015. Pafupifupi 19 mwa 100 alionse anali ndi matenda okhumudwa. Zina mwa zimene zinkayendera limodzi ndi kukhumudwako ndi imfa m'banja, kulephera mayeso, kusauzako wina aliyense za mmene alili, ndi kunyozedwa chifukwa chomwa mankhwala. Taonani mmene zinthu zimalumikizirana. Wonyozedwa amakhumudwa, wokhumudwa amayamba kudumphitsa mankhwala, mankhwala akadumphitsidwa kachirombo kamachulukana, ndipo kutupa kuja kumakula. Kafukufuku wina wa m'mayiko ambiri wotchedwa SMART adaimitsidwa mu 2006 ataona kuti amene ankapumira ma ARV ankadwala ndi kumwalira kwambiri kuposa omwa mosalekeza, ndipo ena mwa matendawo anali a mtima, impso ndi chiwindi. Choncho wina asakunamizeni kuti musiye ma ARV pofuna kuteteza mtima. Kumwa mankhwala mwandondomeko ndiko kuuteteza. Ndipo inu amene mumaseka mnzanu akatulutsa botolo lake, dziwani kuti nthabwala yanuyo ikulowa m'magazi mwake.

Nanga tichitepo chiyani?

Choyamba n'kuvomereza kuti awa ndi matenda, ndipo amachizika. Si ulesi, si kulodzedwa, si kuchepa kwa chikhulupiriro. Mawu akuti "mwamuna salira" atipweteketsa mokwanira. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna. Misozi imene mnyamata waletsedwa kutulutsa siuma, imangopeza njira ina.

Thandizo silifuna dokotala wamkulu nthawi zonse. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adayambitsa mu 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench. Adaphunzitsa agogo aakazi a m'madera kumvetsera anthu ovutika maganizo pa benchi la panja pa chipatala, n'kumawathandiza kusankha vuto limodzi, kuganizira njira zolithetsera, ndi kuyesa imodzi sabata imeneyo. Anzathu a Chishona vutoli amalitchula kuti kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri komwe kuja. Pa kafukufuku amene adatuluka mu 2016, patatha miyezi 6, mwa amene adakhala pa benchi 14 okha pa 100 alionse ndiwo anali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pamene mwa amene adangolandira chithandizo cha nthawi zonse analipo 50. Kafukufukuyu adachitika pa anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo agogowo adachita kuphunzitsidwa, choncho tisadzitenge ngati madokotala. Koma phunziro lake likutikhudza. Agogo aja sankalalikira kapena kudzudzula. Ankamvetsera, ndipo ankasunga chinsinsi.

Pa chinsinsi pomwepa ndi pamene makalabu ambiri amagwera. Mnzanu akakuuzani za kumtima kwake Lachitatu, Loweruka nkhaniyo n'kumveka pa mjigo, sadzauzanso munthu, ndipo ena onse amene amafuna kulankhula atseka pakamwa. Kalabu iliyonse ikhale ndi anthu awiri, mnyamata ndi mtsikana, odziwika kuti pakamwa pawo ndi pokhoma, ndiponso munthu wamkulu mmodzi wodalirika amene angathandize nkhani ikakula.

Mpira wa miyendo, wa manja, magule ndi kupalasa njinga musazione ngati zongotayitsa nthawi podikira phunziro. WHO imalangiza kuti ana ndi achinyamata osapitirira zaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 pa tsiku. Masewero amatsitsa BP, amabweretsa tulo, ndipo amachepetsa kukhumudwa. Ndi mankhwala amodzi ogwira mbali zonse ziwiri. Vuto n'lakuti wofunika kwambiri masewerowo ndi uja amene wasiya kubwera. Membala akajomba milungu iwiri osatsanzika, musamufufute m'kaundula. Awiri apite kwawo, osati kukamufunsa mlandu, koma kukamutenga.

Pali nthawi imene kucheza kokha sikukwanira. Ngati zizindikiro zija zapitirira masabata awiri, ngati munthu wasiya sukulu, kudya kapena mankhwala, kapena ngati kwawo akuchitiridwa nkhanza, muperekezeni kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena kuchipatala. Amene amalandira ma ARV atha kuuza namwino wa komwe amalandirirako. Achipatala chaching'ono akaona kuti vuto ndi lalikulu amatumiza ku chipatala cha boma cha pa boma, ndipo kuli zipatala za matenda a maganizo monga cha ku Zomba ndi za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Nkhani za nkhanza kwa ana mutha kuimba pa nambala yaulere ya 116. Mnzanu akanena kuti akufuna kudzipha, kapena akayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika modabwitsa, chimenecho si chinsinsi chosunga. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe pafupi, ndipo uzani munthu wamkulu tsiku lomwelo, ngakhale iye akwiye nanu.

Za BP, musadikire kumva kupweteka, chifukwa nthawi zambiri siimveka. Amene mwakwana zaka 18, mukapita kuchipatala pa chifukwa chilichonse pemphani kuti akupimeni, ndipo manambala ake alembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa apo pa masiku osiyana, imeneyo ndi BP yokwera. Ngati mayi, bambo kapena achimwene anu adadwala sitiroko kapena mtima asanakalambe, auzeni achipatala. Ndipo amene mudapatsidwa mankhwala a matenda a maganizo, dziwani kuti ena mwa mankhwalawa amanenepetsa. Musawasiye panokha, koma pemphani kuti azikuyezani sikelo, BP ndi shuga.

Mafunso okambirana

Gawanani m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Wina asakakamizidwe kunena za iye mwini, ndipo pasatchulidwe dzina la munthu wa m'mudzi.

1. M'dera lathu lino, ndi "agalu" ati amene amathamangitsa achinyamata osabwerera? Kodi a atsikana ndi a anyamata ndi ofanana?

2. Mnzanu wa zaka 17 wakuuzani kuti amasuta chifukwa akapanda kutero sagona, poti kunyumba kwawo kuli ndewu usiku uliwonse. Wakupemphani kuti musauze munthu. Mumuyankha chiyani lero, ndipo muchita chiyani mawa? Awiri achite sewero lalifupi, enanu muone ngati womvetserayo walankhula kwambiri kuposa wovutikayo.

3. Tsegulani kaundula wa kalabu. Ndi angati amene adasiya kubwera m'miyezi itatu yapitayi, ndipo ndani adapitako kukawaona?

Alembi alembe mayankho a funso loyamba, opanda maina, ndipo awapereke kwa mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu pa msonkhano wa mwezi wa mawa. Makalabu amene akufuna kuti tidzabwere ndi makina opimira BP pa tsiku la masewero atiuze kudakali milungu iwiri.